Zimene Namalenga anabisa pansi pa nthiti

Mbuzi ikaphedwa pamudzi, chiwalo choyamba kufika pamoto ndi chiwindi. Anyamata osenda amachichotsa mosamala kuti asaboole ndulu, poti ikaphulika nyama imawawa, kenaka amachiika pambale n'kupita nacho kwa akuluakulu. Amene anachigwirapo chili chachiwisi akuchidziwa: chofiira moderako, chosalala, chonyezimira, cholemera kuposa mmene diso limaganizira. Ukachicheka pakati supeza zipinda monga zili mumtima, kapena mphako monga ili m'chifu. Ndi mnofu wokhawokha, wa timabowo apa ndi apo totuluka magazi. Munthu ukhoza kunena kuti apa pokha Mlengi sanavutikepo, anangoumba chibuma n'kuchikankhira pansi pa nthiti za kumanja.

Maso amanama pamenepo. Mwa munthu wamkulu chiwindi chimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo pa mphindi iliyonse mumadutsa magazi okwana lita imodzi ndi theka. Pa magazi onse amene mtima wapopa, gawo limodzi mwa magawo anayi limadzera mmenemu. Chimasunga shuga wa nsima yamadzulo kuti munthu asakomoke mbandakucha. Chimapanga ndulu yogayira mafuta. Chimapanga zoundanitsa magazi, n'chifukwa chake wodzitema ndi chikwanje sakha magazi mpaka kufa. Chimapanganso mapuloteni ogwira madzi kuti akhale m'mitsempha, asatayikire m'mimba ndi m'miyendo. Panado, ma ARV, kachasu, zitsamba za kwa asing'anga, zambiri zimakathera kwa icho kuti chiziswe. Ndipo ntchito yonseyi chimagwira osamveka. Mtima umagunda, mapapo amalira ukamakwera zitunda za ku Masasa, m'mimba mumachita phokoso njala ikawawa, koma chiwindi sichinenapo kanthu. Mitsempha yomva ululu ili pa kachikopa kopyapyala kochikuta kunja, moti munthu amayamba kumva kupweteka chiwindi chikatupa mpaka kukoka kachikopako.

Kachidutswa kake kakaikidwa pa maikulosikopu, mnofu wooneka wopanda dongosolo uja umasanduka timagulu ta maselo ta ngodya 6, kalikonse kotambalala pafupifupi milimita imodzi, tolumikizana mbali zonse. Magazi amalowera pangodya n'kumayenda pang'onopang'ono kupita pakati, pamene pali kamtsempha kowatulutsa. Ndulu ili ndi tinjira take, koma iyo imayenda mobwerera, kuchoka pakati kupita kungodya. Ziwirizi zimapishana moyo wonse wa munthu osakhudzana, ndipo tsiku limene ndulu yatsekeredwa n'kubwerera m'magazi ndi limene maso amachita chikasu. Makoma a timitsempha ta mmenemu ndi obookabooka, kuti madzi a m'magazi azikhudza maselo a chiwindi mwachindunji. M'mbali mwake mumakhala maselo ena omeza tizilombo tochokera m'matumbo, amene amatchedwa ndi dzina la Karl von Kupffer wa ku Germany, yemwe anawaona mu 1876.

Koma chachilendo chenicheni ndi njira zimene magazi amafikira. Ziwalo zambiri zimalandira magazi kuchokera kumtima basi. Chiwindi chili ndi makomo awiri. Khomo laling'ono ndi mtsempha wochokera kumtima, wobweretsa magazi ofiira a mpweya wabwino. Khomo lalikulu, lolowetsa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a magazi ake, ndi mtsempha wonenepa umene umasonkhanitsa magazi onse a m'chifu, m'matumbo ndi m'kapamba. Tanthauzo lake ndi lakuti zambiri zimene munthu wadya sizifika kuubongo kapena kumwendo zisanaonekere kwa chiwindi. Kondowole wa ku Nkhata Bay, mpunga wa kilombero wa ku Karonga, usipa, nthochi za ku Misuku, kapu ya khofi wa Mzuzu, zonse zikagayidwa zimayamba zapereka moni kumeneko, n'kusankhidwa: ichi chisungidwe, ichi chipitirire, ichi ndi poizoni.

Kulandira zonse kumeneku ndi kumene kumachiika m'mavuto. Khansa ikamera m'matumbo aakulu kapena m'chifu, maselo ake ena amathothoka n'kugwera m'magazi, ndipo magaziwo alibe kwina kopita koyamba koma kuchiwindi. Kumeneko apeza timitsempha topapatiza, magazi oyenda mwaulesi, makoma obooka ndi chakudya cha mwanaalirenji. Khansa ya m'mawere, ya m'mapapo, ya kum'mero, ngakhale ya khomo la chiberekero, nazo zimatha kufika, zambiri kudzera pa khomo lochokera kumtima lija. Mu 1889 dokotala wa ku London, Stephen Paget, anawerenga malipoti a amayi 735 amene anamwalira ndi khansa ya m'mawere. Anapeza kuti matendawo anafika kuchiwindi mwa amayi oposa 200, pamene kukapamba, chiwalo chodzazanso magazi, sanafike ngakhale mwa amayi 20. Iye anati mbewu imamwazika paliponse koma imamera panthaka yoiyenera. Zaka zoposa 130 zadutsa, ndipo ofufuza akali kufunsa kuti m'nthaka ya chiwindi muli chiyani.

Pali chinthu china chimene chimandiimitsa mutu nthawi zonse ndikachiganiza. Selo la khansa lochokera m'matumbo, likafika m'chiwindi, silisanduka la chiwindi. Limaberekana, ndipo ana ake amayesa kudzifola mozungulira n'kumatulutsa mamina a m'matumbo, ntchito imene makolo awo ankagwira kwawo. Ngakhale lapenga, silinaiwale kumene linachokera. N'chifukwa chake madokotala salekeza pa mawu akuti muli chotupa m'chiwindi. Amafuna kudziwa ngati chinabadwira momwemo kapena n'chobwera, poti mankhwala ake amatsata kwawo kwa chotupacho. Kuno kwathu funso limeneli ndi lolemera, chifukwa khansa yobadwira m'chiwindi ndi yambiri. Imayamba kawirikawiri ndi kachilombo ka Hepatitis B, kamene kali mwa akuluakulu pafupifupi 8 mwa 100 alionse m'dziko muno, ndipo imakolezedwa ndi chuku cha chimanga ndi mtedza wosauma bwino. Katemera wa kachilomboka anayamba kuperekedwa kwa makanda mu 2002, kotero onse obadwa chisanafike chakacho anakula opanda chishango chimenechi.

Tsono munthu angadziwe bwanji zimene zikuchitika m'chiwalo chosalankhula, chobisika kuseri kwa nthiti? Ku Mzuzu funsoli limayankhidwa ku Luwinga, pa chipatala chachikulu cha Mzuzu Central, chimene chinatsegulidwa mu 2000 ndi thandizo la dziko la Taiwan. Kumeneko ndi kumene amathera odwala a chigawo chonse cha kumpoto amene zipatala za m'maboma zawalephera: wa ku Nthalire ku Chitipa, wa ku Hewe ku Rumphi, wa ku Euthini ku Mzimba, wa ku Likoma amene wayamba wakwera Ilala mpaka ku Nkhata Bay. Ambiri amafika ndi nkhani imodzimodzi. Chakudya sichikulowa, thupi likutha, lamba wafika pa bowo lomaliza koma mimba ikukula, ndipo kumanja kuno kukulemera. Kumudzi mimba yotere ili ndi dzina kale, amati anamudyetsa. Sindiseka anthu oganiza choncho, chifukwa chinthu chosaoneka aliyense amachifotokoza ndi zimene ali nazo. Chondimvetsa chisoni n'chakuti zakumwa zosanzitsa ndi zotsegula m'mimba zimene wodwala amapatsidwa kuti atulutse chodyetsedwacho, nazonso zimayamba kufika pa chiwindi chomwecho chimene chatopa kale.

Chipinda chojambuliramo chimakhala cha kamdima. Wodwala amagona chagada, malaya atakwezedwa mpaka pachifuwa, gadiyani ataima chakuphazi ndi kabuku ka kuchipatala m'manja. Wojambula amathira pamimba mafuta oterera, ndipo m'nyengo ya June ku Mzuzu kuzizira kwake munthu amadzidzimuka nako. Kenaka amakanikiza pansi pa nthiti kachipangizo kokwana m'dzanja.

"Amama, kokani mpweya kwambiri. Gwirani pomwepo, musatulutse."

Mapapo akadzaza, amakankhira chiwindi pansi, ndipo chimasuzumira kunsi kwa nthiti. Pa sikirini pamabwera mnofu wotuwa, wosalala mofanana paliponse, wodutsidwa ndi mizere yakuda ya mitsempha. Ndulu imaoneka yakuda bii. Wojambula amapendeketsa dzanja pang'ono, n'kuima. Pakati pa kutuwa kuja pali kanthu kozungulira, kozingidwa ndi mkombero woderapo. Amasuntha, n'kupeza kena, ndi kenanso. Amadina batani kuti chithunzi chiime, n'kuika timitanda tiwiri, uku ndi uku, ndipo makina amalemba pakona kukula kwake m'masentimita.

"Tulutsani tsopano, amama. Pumani bwinobwino."

Palibe mpeni wadutsa, palibe dontho la magazi lagwa. Chimene chalowa m'thupi ndi mawu chabe. Kachipangizo kaja kamanjenjemera ka 3.5 miliyoni pa sekondi imodzi, pamene khutu la munthu limalekeza kumva pa 20,000. Mawuwo amathamanga m'mnofu mamita 1,540 pa sekondi, ndipo paliponse pamene mnofu wasintha kulimba, ena amabwerera. Makina amangowerenga nthawi imene mawu atenga kupita ndi kubwera, yosakwana gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, n'kudziwa kuti chinthucho chili pakuya bwanji. Nzeru imeneyi mileme ya m'nkhalango ya Kaning'ina inali nayo kale anthu asanaganize zomanga chipatala. M'zaka za m'ma 1790 Lazzaro Spallanzani wa ku Italy ndi Louis Jurine wa ku Geneva anaona kuti mleme wosaona umauluka bwinobwino, koma ukautseka makutu umagunda zinthu, ndipo panapita zaka zoposa 140 kuti Donald Griffin wa ku Harvard amve kulira kwake ndi makina. Mmodzi mwa amene anabweretsa nzeruyi m'chipatala ndi Ian Donald wa ku Glasgow, mzinda umene David Livingstone anaphunzirako zachipatala. Mu 1955 iye ananyamula zotupa zochotsedwa mwa odwala n'kupita nazo kufakitale ina ya zitsulo, kukaziyesa pa makina ofufuzira ming'alu m'zitsulo, ndipo mu 1958 anasindikiza zimene anapeza.

Si kadontho kalikonse m'chiwindi kamene kali khansa, ndipo apa ndi pamene luso la wojambula wa kuno limayesedwa kuposa la mnzake wa ku Ulaya. Kakhoza kukhala chithupsa cha mafinya, chimene chimatha ndi mankhwala. Kakhoza kukhala TB yofalikira m'mimba, makamaka mwa amene ali ndi HIV, ndipo pali njira yachidule yoifufuzira ndi sikani yotchedwa FASH imene achipatala cha Lighthouse ku Lilongwe akhala akuigwiritsa ntchito ndi kuiphunzitsa. Kakhoza kukhala kamfundo ka mitsempha kamene munthu akhoza kukhala nako mpaka ukalamba osadziwa. Kwa munthu wa kunyanja, amene wakula akusamba ndi kuchapa m'madzi a nkhono, likodzo la m'matumbo limasiya zipsera zoyera zokuta mitsempha ya m'chiwindi, ndipo nayenso mimba imadzaza madzi. Mawu amodzi olakwika papepala la sikani akhoza kutumiza munthu wochiritsika kukadikira imfa kumudzi. Pamene pali chikaiko, sikani yomweyo imalondolera singano kuti ikatape kachidutswa ka chotupacho, ndipo kachidutswako kamapita kwa akatswiri oyeza minofu, monga a mu labotale ya pa Kamuzu Central imene inayamba ntchito mu 2011.

Makina a CT amaona mozama kuposa pamenepa, ndipo mbali ina ya mbiri yake inayambira ku Africa konkuno. Mu 1956 Allan Cormack, mbadwa ya ku Johannesburg, ankathandiza pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town, ndipo anadzifunsa ngati masamu sangathe kunena zimene zili mkati mwa thupi pongowerenga mmene cheza cha X-ray chafookera podutsa mbali zosiyanasiyana. Anasindikiza yankho lake mu 1963 ndi 1964, anthu osalabadira. Godfrey Hounsfield wa ku England, osadziwa za Cormack, anapanga makina enieni amene anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo awiriwa anagawana mphoto ya Nobel mu 1979. Chithunzi cha CT kwenikweni ndi manambala. Madzi ndi 0, mpweya ndi -1,000, chiwindi chabwino chimakhala cha m'ma 50 mpaka 60, fupa limakwera m'mahandiredi mpaka kupyola 1,000. Kuyera ndi kuda kumene timaona kumangoikidwa kuti maso athu atsatire.

Pano ndi pamene makomo awiri aja amabwereranso m'nkhani, ndipo ine ndimavula chipewa. Chiwindi chimamwa kwambiri pa mtsempha wa kumatumbo, koma chotupa, chikangokula pang'ono, chimadzikokera timitsempha take kuchokera ku mtsempha wa kumtima. Mwini nyumba ndi mlendo woipayo samwera chikho chimodzi. Choncho wodwala akabayidwa pamkono mankhwala a ayodini owala pa CT, mankhwalawo safika nthawi imodzi. Pakatha masekondi pafupifupi 35 amakhala afika kudzera pa khomo la kumtima, ndipo khansa yobadwira m'chiwindi imayaka mbee, chiwindi chikali chakuda. Pakatha masekondi pafupifupi 70 amakhala azungulira m'matumbo n'kulowa pa khomo lalikulu. Apo chiwindi chonse chimawala, ndipo zotupa zochokera m'matumbo zimatsala zoderapo, zoonekera poyera. Theka la mphindi lokha likhoza kusiyanitsa matenda awiri a mankhwala osiyana. Kusiyana komweku madokotala a m'zipatala zazikulu za kunja amakugwiritsa ntchito pochiza: amalowetsa kapaipi kopyapyala pa mtsempha wa m'chuuno mpaka kukafika pa nthambi yodyetsa chotupa, n'kuthiramo mankhwala kapena kuitseka, chiwindi n'kumapitiriza kumwa pa khomo lake lina. Palibe dokotala anaika makomo awiriwo. Anawapeza alipo.

Anapezanso malire amene diso silingawaone. Dokotala wa maopaleshoni wa ku Paris, Claude Couinaud, ankathira pulasitiki wamadzi m'mitsempha ya ziwindi za anthu omwalira, n'kusungunula mnofu wonse kuti patsale nthambi zokhazokha. Mu 1957 anasindikiza zimene anaona: chibuma chija chili ndi zigawo 8, chilichonse ndi nthambi yake ya magazi a kumatumbo, nthambi yake ya magazi a kumtima ndi njira yake ya ndulu. Zili ngati nyumba za mdadada za ku Chibavi, denga limodzi koma banja lililonse khomo lake ndi mita yake, moti nyumba imodzi ikhoza kutsekedwa ena onse n'kumaphika monga kale. Lero wowerenga chithunzi ku Tokyo, ku Cairo kapena ku Mzuzu akalemba kuti chotupa chili m'chigawo 6, dokotala wa opaleshoni kulikonse padziko amadziwa pamene pali, mtsempha woti amange, ndi zimene zitsale.

Zotsalazo ndi zimene zili ndi nkhani. Mu 1931 George Higgins ndi Reuben Anderson a ku Mayo Clinic ku America anachotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha makoswe, ndipo pasanathe masabata awiri chinali chabwerera pa kulemera kwake. Chodulidwacho sichiphukanso pamalo pake ayi. Chotsalacho ndi chimene chimakula, maselo amene anakhala zaka osagawikana n'kudzuka onse pamodzi. Mwa munthu zimatenga masabata kapena miyezi, koma zimachitika, ndipo n'chifukwa chake mayi wamoyo akhoza kupatsa mwana wake chigawo cha chiwindi chake onse awiri n'kukhala ndi chokwanira. Pokonza opaleshoni ya khansa yofalikira, funso lalikulu silikhala lakuti tichotse chochuluka bwanji, koma lakuti chitsale chochuluka bwanji. Pa zithunzi za CT amajambula malire a chigawo chilichonse, kompyuta n'kuwerengera kukula kwake. Chiwindi chabwino chimafuna patsale magawo 20 mpaka 25 pa 100, chimene chadutsa mu mankhwala a khansa otchedwa kemo chimafuna 30, cha zipsera chimafuna 40. Chotsala chikachepa, pali njira imene Masatoshi Makuuchi wa ku Japan anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1980: amatseka mtsempha wa kumatumbo wa mbali yodwalayo, magazi onse n'kukhamukira mbali yabwino, ndipo pakatha masabata angapo mbaliyo yakula mokwanira kusenza munthu yokha. M'maiko amene opaleshoni zimenezi zimachitika kawirikawiri, mwa odwala khansa ya m'matumbo amene zotupa za m'chiwindi zachotsedwa, 4 kapena 5 mwa 10 alionse amakhala ali moyo zaka 5 zitadutsa. Kale onsewa ankangouzidwa kuti palibe chochita.

Komabe chimene chimandigwadiza si kukulako. Ndi kuleka. Chiwindi chodulidwa chimakula, chimakula, ndipo chikafika pa msinkhu woyenera thupi la mwini wake chimaima. Chiwindi chaching'ono chikaikidwa mwa munthu wamkulu chimakula mpaka kumukwana, ndipo chachikulu chikaikidwa m'thupi laling'ono chimaphwa. Chimadziwa bwanji kukula kwa munthu amene sichinamuonepo? Ofufuza apeza zidutswa za yankho, m'kuchuluka kwa ndulu yobwerera kuchokera m'matumbo, m'mphamvu ya magazi olowa, m'mauthenga amene maselo amatumizirana akagundana, koma chonsecho pamodzi sichinamasulidwe. Ndipo khansa, tikaiyang'anitsitsa, si chilombo chochokera kuthengo. Ndi mnofu wa munthu yemweyo, wokhala ndi mphamvu yomweyo ya kukula, umene wangotaya chinthu chimodzi, kudziwa polekeza. Pa chithunzi chimodzi cha CT zonse ziwiri zimaoneka moyandikana, kukula komvera ndi kukula kosamvera. Munthu akazindikira kuti maselo mabiliyoni amagawikana m'thupi mwake tsiku lililonse, ndipo pafupifupi onse amadziwa poimira, funso lake limatembenuka. Sadabwanso kuti ena amadwala khansa. Amadabwa kuti ambirife timafika pomera imvi tisanaidwale.

Masiku ano makompyuta akuphunzitsidwa kuwerenga zithunzi zimenezi. Mu 2017 panali mpikisano wotchedwa LiTS, pamene magulu a ofufuza anapatsidwa zithunzi za CT 131 zolembedwa kale malire ndi madokotala, kuti aphunzitse makompyuta awo kupeza chiwindi ndi zotupa paokha. Kupeza chiwindi makompyuta anakhoza kwambiri, koma tizotupa ting'onoting'ono tinawavuta. Pali ntchito ina imene Philippe Lambin ndi anzake anaitcha radiomics mu 2012, yofinya m'chithunzi manambala mazanamazana amene diso silingawaone, monga kukhakhala kwa mkati mwa chotupa ndi kusongoka kwa m'mphepete mwake, pofuna kulosera ngati chidzamvera kemo. Zambiri mwa zimenezi zikali m'manja mwa ofufuza. Maganizo anga ndi akuti tizilandire, koma maso ali tcheru. Zithunzi za mpikisano uja zinachokera m'zipatala za ku Ulaya, Canada ndi Israel, kumene chiwindi cha msodzi wa ku Usisya chodzaza zipsera za likodzo n'chosowa. Kompyuta imadziwa zokhazo zimene inaonetsedwa. Koma dziko limene madokotala owerenga zithunzi ndi ochepa kwambiri silinganyoze wothandiza wosatopa, ndipo ku Blantyre anayesa kale kompyuta yowerenga X-ray ya pachifuwa pofufuza TB, zotsatira zake n'kusindikizidwa mu 2021. Tisadziyesenso olandira okhaokha. Makina a MRI amene anafika pa Queen Elizabeth Central mu 2008 ndi amene anaonetsa dziko lonse, mu 2015, kuti ana ambiri ofa ndi malungo a muubongo amafa chifukwa ubongo watupa, ndipo mmodzi mwa owerenga zithunzizo anali Dr Sam Kampondeni, Mmalawi.

Tinene zoona, opaleshoni yodula zigawo za chiwindi si ya tsiku ndi tsiku kwathu kuno, ndipo ambiri amafika zotupa zitadzaza mbali zonse ziwiri. Wina akhoza kufunsa kuti nanga kujambula kuli ndi phindu lanji pamene mankhwala ake ali kutali. Phindu lake ndi lakuti chithunzi chimasankhitsa njira. Kuchoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe ndi makilomita oposa 350, kudutsa m'nkhungu ya ku Chikangawa, Jenda ndi Kasungu, ndipo kumeneko ndi kumene kuli National Cancer Centre imene inatsegulidwa mu 2025, patapita zaka zambiri odwala ofuna kuwotcha chotupa ndi cheza akutumizidwa kunja. Ulendo umenewu umadya ng'ombe, umadya fetereza wa chaka chimenecho, umachotsa mwana pasukulu kuti akakhale gadiyani. Kwa mayi amene khansa ya m'mawere sinafike kuchiwindi, ulendowo ndi wa moyo, ndipo asachedwe ngakhale sabata. Kwa bambo wa chotupa chimodzi kapena ziwiri m'mbali imodzi, khomo likali lotsegula. Kwa agogo amene chiwindi chadzaza, maso achita chikasu, kuwadula bere kapena thumbo ndi kungowaonjezera bala. Iwo chimene akufuna ndi morphine wakumwa woletsa ululu, kuchotsedwa madzi m'mimba kuti apume bwino, ndi nthawi yoitana ana awo kuti awauze za munda ndi za ngongole. Nakonso kumeneko ndi kuchiza, ndipo chithunzi chonena zoona ndi chimene chimapatsa banja ufulu wosankha popanda kudziimba mlandu pambuyo pake.

Kwa amene ayamba kemo, chithunzi ndi chimene chimanena ngati mankhwala akugwira. Madokotala ambiri padziko lonse amatsata muyeso wotchedwa RECIST, umene unakhazikitsidwa mu 2000 n'kukonzedwanso mu 2009. Amasankha zotupa zingapo, amaziyeza, n'kuphatikiza manambala ake. Zikaphwa ndi magawo 30 pa 100, mankhwala akugwira. Zikakula ndi magawo 20 pa 100, kapena pakabadwa chatsopano, ndiye kuti nthawi yosintha yakwana, wodwala asapitirize kusanza ndi kuthothoka tsitsi pachabe. Timitanda tiwiri tija timene wojambula anaika pa sikirini tsiku loyamba ndi timene miyeso yonse yam'tsogolo imayerekezedwa nato.

Choncho inu a ku Zolozolo, a ku Mchengautuwa, a ku Ekwendeni ndi kwina konse, chiwindi sichidzakuitanani msanga, ndiye mverani ziwalo zimene zimalankhula. Magazi m'chimbudzi osati a tsiku limodzi, kabulu m'bere, nsima yokakamira pakhosi, kutaya magazi kwa mayi amene anasiya kale kusamba, kuonda kopanda chifukwa, zonsezi ndi za kuchipatala mwezi womwewo. Amayi kayezetseni khomo la chiberekero, atsikana alandire katemera wa HPV amene anayesedwa koyamba ku Rumphi ndi ku Zomba mu 2013 asanafalikire dziko lonse mu 2019, ndipo amene munabadwa 2002 isanafike pemphani kuyezedwa Hepatitis B. Mukajambulidwa, funsani adokotala kuti aona chiyani, zingati, zazikulu bwanji, ndipo azilembe m'kabuku. Pepala la sikani yakale musakulungire mandasi kapena kuyatsira mbaula. Lipindeni, liikeni m'pulasitiki pamodzi ndi kabukuko, ndipo mubwere nalo ulendo wotsatira.